Keke ya Maule ikusungunuka ndi dzuwa la ku Salima

Wofunsa, wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Ndili ndi oda ya keke ya mnyamata amene akukwanitsa zaka 10 Loweruka likubwerali, ndipo ndi wa Maule weniweni. Akufuna bwalo lobiriwira, mpira pakati, m'mbali zofiira ndi zoyera za Bullets. Poyeserera, ayisingi watuluka wa pinki. Nditaonjezera kala wayamba kuwawa, kenako kuchucha mpaka kulowerera m'woyera. Phwando lili ku Senga Bay, 2 koloko masana, ndi kutentha kwa Okutobala kuno.

Mayi wa ku Dwangwa: Achemwali, mwapondera mafuta anji, nanga kala ndi yotani?

Wofunsa: Majarini wa m'kontena, amayi. Kala ndi ya madzi ija ya m'tibotolo.

Mayi wa ku Dwangwa: Vuto lagona pamenepo. Majarini wa m'kontena anapangidwira kupaka pa buledi, ndi wofewa kale ndipo ali ndi madzi ambiri. Mukathiranso kala ya madzi, mwaphika phala. Ngakhale batala weniweni amasungunuka kutentha kukafika madigiri 32 mpaka 35, ndiye masana a kunyanja kuno sangapirire. Tengani magalamu 125 a majarini wolimba wophikira makeke ndi 125 a shortening (mafuta olimba ophikira) yoyera, mupondere limodzi mpaka ziyere. Shuga wa ayisingi akhale magalamu 500, wosefa, mukuthira pang'onopang'ono, kuphatikiza supuni 2 za cornflour (ufa wa sitachi ya chimanga) ndi kamchere ka pa nsonga ya chala. Mkaka usapose supuni imodzi.

Kufiira sikukakamizidwa tsiku lomwelo. Gulani kala ya gel, yolimba ngati phala, yambani ndi theka la tisupuni ya koko kuti kuyera kuphedwe, kenako gel. Mukaona kuti wafiira mosakhutiritsa, lekerani pomwepo, vundikirani agone. Mmawa mumupeza atakhwima yekha. Kuwawa kuja kumadza chifukwa chothira kala yambiri pofuna kuti afiire muli chiimire.

Bambo wa ku Chipoka: Amayi anena zoona. Ine ndikambe za mpira. Phikirani m'mbale ya chitsulo yozungulira kunsi, moto wa madigiri 160, osati 180, ndipo mulole itenge nthawi, apo ayi kunja kupserera pakati pakadali mtanda. Ngati mukuphikira pa mbaula, makala ambiri akhale pa chivundikiro, kunsi ochepa. Mpira wa zigamba zakuda ndi zoyera uli ndi zakuda 12 za mbali 5 ndi zoyera 20 za mbali 6. Pa theka la mpira ikani chakuda chimodzi pa nsonga, zoyera 5 zichizungulire, zakuda zina 5 zibwere kunsi. Zakuda zisagundane, zikagundana mwana wampira adziwa msanga kuti si mpira. Dulirani chitsanzo pa katoni yoyera, muzilembera ndi kamtengo kotokosera m'mano musanapake. Ayisingi wakuda muyambire pa wa koko wambiri, osati woyera, kupanda apo atuluka wotuwa ngati phulusa.

Wofunsa: Nanga ndikangokuta yonse ndi fondant, shuga wokanda uja wokutira keke ngati nsalu, achimwene, n'kuigoneka m'furiji?

Bambo wa ku Chipoka: Musayerekeze. Keke yozizira ikakumana ndi mpweya wofunda imachita thukuta, shuga wa pamwamba n'kusungunuka, ndipo kufiira kumayenda ndi madzi omwewo. Fondant ndi wa tizigamba takuda tokha, toikidwa mmawa wa tsikulo.

Mayi wa ku Nkhotakota boma: Apa ine nditsutsako pang'ono. Furiji si mdani, bola katulutsidwe kake. Pakani koyamba kopyapyala kogwira nyenyeswa, ilowe mphindi 20. Pakani woyera, ilowenso mpaka alimbe, wofiira abwere pambuyo, ndipo pokumana awiriwo lembani kamzere ka woyera wolimba kakhale mpanda. Ikatha, ilowe m'bokosi la katoni, ndipo potulutsa musatsegule bokosilo kwa mphindi 30, thukuta ligwere pa katoni. Magetsi akazima, chitseko cha furiji chisatsegulidwe.

Udzu wa bwalo musavutike ndi nozo (kachitsulo kofinyira ayisingi), tinsonga tija timagona tikangomva dzuwa. Ikani kokonati wouma wogayagaya m'jumbo, madontho 3 a kala yobiriwira, khutchumulani, muyanike pa thireyi theka la ola. Muwaze ayisingi asanaume, koma muyambe mwaphimba mizere ya bwalo ndi timapepala kuti podzalemba woyera pakhale posalala.

Mayi wa ku Dwangwa: Ndipo mpirawo muukhomere ku bwalo ndi timitengo ta kanyenya 2, makolo muwauze kuti m'keke muli timitengo. Makilomita pafupifupi 20 a ku Senga Bay ayendedwe isanakwane 9 koloko. Bokosi likhale pansi m'galimoto, pa thaulo, osati pamiyendo, poti thupi limafunditsa. Za kabaza iwalani. Mukafika muisiye m'chipinda cha mthunzi, ituluke nthawi yoyatsa makandulo.