Alendo a zingwe akhala masabata 6, ndiwaike kuti?

Gaidi wa Chapaluka
Akuluakulu thandizeni msanga. Ndili ndi alendo atatu okwera ndi zingwe, akufika kumapeto kwa Juni, akhala masabata 6. Akufuna khoma la kumadzulo la Chambe pa phiri la Mulanje, koma akuti ayambe azolowera mwala wathu m'makoma ang'onoang'ono. Si alendo ogona m'tinyumba ta m'phiri, hut ndi hut, ayi. Akufuna nyumba yoti aziphika okha, yokhoma bwino, magetsi ochajira mabatire a drill, komanso netiweki chifukwa mmodzi amagwira ntchito pa intaneti. Ku loji akuti thumba silifika. Ndazungulira Likhubula yense, nyumba ina ilibe magetsi, ina landilodi atangomva kuti ndi azungu mtengo wasintha pomwepo. Ine ndinazolowera a Sapitwa, kukwera, kutsika, kutsazikana basi. Awa ndiwaike kuti? Akufuna yankho Lachisanu.

Madala a pa Chitakale
Achimwene, musadzivutitse. Chitakale. Msika uli pompo, mabanki ali pafupi, chipatala cha boma sichili patali. Munthu wokhala masabata 6 sakwera tsiku lililonse, masiku opuma ndi ambiri, ndipo masiku amenewo ndi amene mudzavutike nawo. Likhubula ndi makilomita 10 okha, kabaza alipo.

Wapota wakale
Madala, kabaza wake uti 4 koloko m'mawa, munthu ali ndi chikwama cha zitsulo zokwerera (rack) kumsana, zingwe ziwiri pamiyendo? Khoma lija ndi mamita 1,700. Kumunsi kuli ma slab, miyala yosalala yopendekeka, kenako pamabwera poima paja, ndiye khoma lenileni likuyambira pamenepo. Aliyense amene ndinamunyamulirapo katundu amafuna kugwira mwala kusanache. Agone ku Likhubula.

Mayi Gaidi Thuchila
Musanakangane za malo, funsani kaye kumene katundu wawo azigona. Mlendo wanga wina anasiya chingwe m'kachipinda momwe landilodi amasungira batire ya sola. Kunja chingwe chikuoneka bwinobwino, palibe podukapo. Iye atangoona batire ija ili pambali, madzi ake atadontha pa simenti, anatenga mpeni n'kuchidula zidutswazidutswa. Sanafune n'komwe kuti wina akamangire mbuzi. Anati asidi amadya chingwe mkati, diso osaona, chimadzaduka munthu ali m'mwamba. Ndiye chipinda cha zingwe musakhale batire kapena mankhwala alionse. Apachike m'mwamba, chifukwa makoswe amatafuna ma sling, timalamba tokwerera, amene alowa thukuta. Ndipo wochapa mumuuze kuti harness (lamba wa m'chiuno wokwerera) ndi zingwe asaziyanike padzuwa ngati zovala.

Gaidi wa Chapaluka
Mayi zikomo, koma nyumbayo ndiye ilibe. Wina ali ndi nambala ya landilodi aliyense ku Likhubula anditumizire ku inbox chonde.

Ankolo a ku Fort Lister
Ine mawu oti drill ndi amene andiimitsa mutu. Akufuna kukhoma ma bolt, zitsulo zokolekapo chingwe, m'mwala? Mwawauza a Forestry? Phiri lija ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo kuyambira 2025 lili pa mndandanda wa UNESCO. Alendo akaboola mwala popanda chilolezo, iwo adzakwera ndege, wofunsidwa mudzakhala inu. Pitani nawo ku ofesi ya Forestry pa Likhubula tsiku loyamba, afotokoze okha zimene akufuna kuchita. A MMCT (Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe loteteza phirili) ndi a Mountain Club of Malawi muwadziwitsenso, amadziwa njira zakale zimene zilipo kale pakhomapo.
Chinanso, mukapeza nyumba m'mudzi, kaonekereni kwa amfumu alendo asanagone. Anthu akaona azungu akulowa m'phiri usiku ndi matochi pachipumi, akutsika ndi zikwama zolemera, nkhani imene imafala ndi yoti akukumba miyala ya mtengo wapatali. Zinandionekerapo. Tinatsekeredwa njira ndi anyamata a m'mudzi, mpaka kumasula zikwama zonse pansi kuti aone kuti muli zitsulo ndi zingwe zokhazokha. Amfumu akanadziwa, sizikanafika pamenepo.

Madala a pa Chitakale
Ndi chifukwa chake ndikuti Chitakale. Pa tauni palibe amene amafunsa kuti m'chikwama muli chiyani. Magetsi akazima pali malo a jenereta oti n'kuchajako. Wa intaneti uja ku Likhubula adzakuvutitsani.

Wapota wakale
Magetsi akazima amazima konse madala. Agule power bank ndi kasola ku Blantyre asanabwere, SIM atenge ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, ina ikagwa ina imagwira.

Chambe Boy
Juni ndi Julaye ndiye chiperoni akulu. Muwauze asawerengere kuti masabata 6 onse ndi okwera. Kukhoza kutseka masiku angapo, kamvula kowaza, mwala n'kuterera. Ma slab aja akanyowa palibe pogwira, ndipo zitsamba za cheyo zimene amaponda zija zimazuka. Chikatsika chifunga ali pakati pa khoma, opulumutsa ndi ife tomwe ndi machira, ndipo pakhoma pajapo sitingafike. Muwafunse za inshuwalansi, muione ndi maso anu. Njira zofikira pansi pa makoma muziyendenso nokha kaye, kuchokera pa namondwe wa Freddy wa 2023 makwawa ena anagumuka, si mmene tinkawadziwira.

Mayi Gaidi Thuchila
Muonenso chidindo cha m'mapasipoti mwawo tsiku lofika. Ambiri amapatsidwa masiku 30. Masabata 6 apitirira pamenepo, ndiye tsiku limodzi lopuma likhale lopita ku Immigration ku Blantyre masikuwo asanathe. Anga ena anakumbukira ali ku hut ya Chisepo, m'phiri. Neti ya udzudzu muikenso, asanamizidwe ndi kuzizira, kumunsi kuno malungo alipo.

Madala a pa Chitakale
Minibasi za ku Limbe amakwerera kuti? Pa Chitakale. Ndalama zolipira mapota akatapa kuti? Ine ndanena.

Wapota wakale
Mwatchula mapota, mpamene pali nkhani. Achimwene mwagwirizana nawo bwanji alendowo? Katundu wa zingwe si ngati wa alendo a Sapitwa. Chikwama chimaoneka chaching'ono koma muli zitsulo zokhazokha, lamba amadula phewa usanafike n'komwe pa Dziwe la Nkhalamba. Ndiye pota amafikitsa katundu pansi pa khoma, n'kuuzidwa kuti dikira. Tsiku lodikiralo amalipira ndani? Ine ndinagonapo pansi pa mwala usiku wonse ndi bulangete limodzi, maso ali m'mwamba kuyang'ana matochi awo, potsika akuti lero sunanyamule kanthu. Zimenezo mulembe papepala asanakwere.

Chambe Boy
Komanso atsate ndandanda ya mapota ya pa Likhubula. Asatenge anyamata awiri omwewo masabata onse ena akungoyang'ana. Chaka chatha tinakangana nkhani yomweyi.

Ankolo a ku Fort Lister
Ndandanda ndi yabwino, koma si pota aliyense amadziwa pofikira pansi pa khoma lija. Ukatenga wa ndandanda wosadziwa njira, alendo ataya m'mawa wonse m'tchire.

Chambe Boy
Ndiye aphunzira liti ankolo, ngati sitikuwatenga? Mmodzi wodziwa, mmodzi wa ndandanda.

Wapota wakale
Wophunzirayo alandire mofanana ndi mnzake. Zitsulo zake ndi zomwezo.