ThinkPad T440p ikungolira osayaka nditaiwonjezera RAM

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa ntchito imene yandisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Andibweretsera laputopu ya ThinkPad T440p ya mu ofesi, ya purosesa ya i5-4300M, ndipo mwini wake akudandaula kuti imachedwa kwambiri poyaka komanso imazima yokha akaigwiritsa ntchito nthawi yaitali. Inali ndi RAM (memori imene makina amagwiritsa ntchito akakhala oyaka) ya 4GB ndi hard disk yake yakale. Ndinaikamo SSD, disiki yamakono yothamanga, imene ndinakoperamo zonse za pa disiki yakaleyo, kenaka ndinawonjezera RAM ya 8GB pamalo achiwiri amene anali opanda kanthu. Tsopano ndikadina batani fani imazungulira, sikirini imangokhala bii, ndipo makinawo amalira kamodzi, katatu, katatu, kenaka kamodzi. Kodi ndaononga bodi yaikulu imene imalumikiza zipangizo zonse?

Mmisiri woyamba: Achimwene, mtima m'malo, musafulumire kuimba mlandu bodi. Pa ThinkPad kulira kotereku kawirikawiri kumaloza ku RAM, ndipo bodi timaiganizira pokhapokha RAM yodalirika ikakanikanso. Zulani chaja, chotsani batire, tulutsani RAM yatsopanoyo ndi kuyatsa makinawo ndi yakale yokha. Mukatero mutiwerengere zimene zalembedwa pa timapepala ta RAM zonse ziwiri, osadumpha chilembo ngakhale chimodzi.

Wofunsa: Yayaka ndi yakale yokha, bambo. Pa yakale palembedwa PC3L-12800S, pamene pa yatsopano palembedwa PC3-12800S.

Mmisiri woyamba: Vuto lagona pa chilembo cha L chimenecho. PC3L ndi DDR3L, imene imayendera magetsi a 1.35V, pamene PC3 ndi DDR3 wamba imene imafuna 1.5V. Mapurosesa a m'badwo wachinayi a Intel a m'malaputopu, monga i5-4300M yanuyo, anapangidwira DDR3L, choncho RAM ya 1.5V mwina imakana kuyaka, mwinanso imayaka n'kumaumitsa makina pakati pa ntchito. Chimene chimatisokoneza n'chakuti mitundu yonse iwiri ili ndi mapini 204 ndipo kampata kake kali pamalo amodzimodzi, kotero imalowa bwinobwino mpaka timapanito n'kulira kuti tswa, munthu n'kukhulupirira kuti wachita bwino. Amene tinazolowera T420 ndi T430, zimene zimalandira DDR3 wamba popanda vuto, tinakodwapo mu msampha umenewu pamene T440p inayamba kufika m'manja mwathu. RAM mwagulayo si yakufa ayi, isungeni kuti idzathandize makina ena akale. Pano pezani ya PC3L, ndipo dziwani kuti laputopu imeneyi imathera pa 16GB, kutanthauza ziwiri za 8GB.

Mmisiri wachiwiri: Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawo, koma ndikukumbutseni, achimwene, kuti dandaulo la kuzima lokha simunalikhudze n'komwe, ndipo RAM kapena SSD sizingalithetse. Makina amene anatuluka mu 2013, ngati sanatsukidwepo, amakhala ndi fumbi lolukana ngati kansalu pakati pa fani ndi timapeni ta heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa. Kupopera mpweya kuchokera kunja sikuchotsa kansalu kameneka, kumangokakankhira m'kati. Ubwino wa T440p ndi wakuti mukachotsa chivundikiro chapansi, fani ndi heatsink zimaonekera pomwepo. Masulani, chotsani fumbilo ndi kaburashi kofewa, ndipo popopera mpweya gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso. Thermal paste yakale, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink, mudzaipeza itauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Ipukuteni ndi isopropyl alcohol mbali zonse ziwiri, ikani yatsopano yochepa chabe, ndipo pomanga tsatirani manambala olembedwa pafupi ndi masikuluwu kuti chitsulocho chikhale mofanana pa purosesa. Musanamasule, yezani kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO makinawo akugwira ntchito yolemetsa, chifukwa purosesa imeneyi ikayandikira madigiri 100 imayamba kudzichepetsera liwiro, ndipo kutentha kukapitirira makina amazima podziteteza.

Mmisiri wachitatu: Popeza purosesa ya T440p ndi yozula, bwanji osangoikamo i7-4700MQ nthawi yomweyo pamene heatsink ili panja?

Mmisiri wachiwiri: N'zotheka ndithu, koma pa ntchito iyi sindingalangize zimenezo. i5-4300M ndi ya mawati 37, pamene i7-4700MQ ndi ya mawati 47, ndiye kuti mukuwonjezera moto m'makina amene abwera akudwala kutentha, ndipo chaja ya mawati 65 ingafunike kusinthidwa ndi yaikulupo. Munthu wolemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama sadzaona kusiyana kumene kungalipire zonsezo.

Mmisiri woyamba: Mayi anena zoona. Ine nkhawa yanga yatsala pa kukopera kuja. Disiki imene imachedwa poyaka nthawi zina imakhala kuti yayamba kufa, ndipo mukakopera kuchokera pa disiki yotero mumasamutsanso mafayilo owonongeka. Lumikizani disiki yakaleyo ndi kuona SMART yake, lipoti la thanzi la disiki, pa pulogalamu ya CrystalDiskInfo, makamaka mizere ya Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count, imene imawerenga malo owonongeka kapena okayikitsa pa disiki. Ngati pali manambala oposa ziro, ikani Windows mwatsopano pa SSD ndi kusamutsa mafayilo a mwini wake okha. Disiki yakaleyo musaifufute kufikira iwo eni atatsimikiza kuti zonse zilipo. Muwauzenso mosabisa kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa imeneyi sili pa mndandanda wovomerezeka wa Windows 11, kuti asankhe okha pakati pa kupitiriza motero, kusamukira ku Linux, kapena kuyamba kukonzekera makina ena.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, ndabwera ndi zotsatira. Ndapeza RAM ya 8GB ya PC3L, ndaiika pamodzi ndi yakale ija, ndipo BIOS, pulogalamu ya pa bodi yoyatsa makina, ikuonetsa 12GB. Pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86 yazungulira kanayi popanda cholakwika. Fumbi linalipodi monga ananenera mayi, linatuluka lathunthu ngati kachigamba ka bulangeti, ndipo chiikireni paste yatsopano makinawo agwira ntchito tsiku lonse osazima, fani ikungomveka pang'onopang'ono. Disiki yakale inaonetsa chenjezo lachikasu pa pending sectors, choncho ndaika Windows mwatsopano. Chatsala n'chakuti ndikachotsa batire ndi chaja, tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo.

Mmisiri wachiwiri: Kameneko ndi kabatire ka CMOS kamene kamasunga tsiku ndi nthawi, achimwene, katha mphamvu chifukwa cha zaka. Gulani kokhala ndi kachingwe ndi kapulagi kake kofanana ndi kakaleko, musawotcherere waya pa batire wamba. Mukasintha, lowani mu BIOS ndi F1, konzani tsiku ndi nthawi, ndipo onetsetsani kuti SATA, njira yolumikizira disiki, ikadali pa AHCI musanabwezere makinawo kwa mwini wake.