Kapinga ndi ndiwo zikuuma, ndithandizeni nzeru

Membala wosadzitchula dzina: Anzanga a mu Zomba, ndili ndi nkhawa. Ndimakhala ku Matawale, nyumba ya lendi. Kapinga wa pabwalo wafiira ngati wawauka ndi moto, mpiru ndi tomato kuseri zikufota masana aliwonse. Bilu ya madzi ya mwezi watha inandisowetsa tulo. A landilodi akuti kapingayo akafa ndidzabzala ndekha, chonsecho denga la kukhitchini ladontha zaka ziwiri osakonza. Komanso mlamu wanga anabwera kudzakhala nafe, amasamba kawiri pa tsiku, bambo akunyumba akuopa kumuuza. Nditani kuti zisafe koma madzi asamapite ambiri?

Bambo a ku Chinamwali: Zulani kapingayo! Amadyedwa kodi? Ine ndinaona ndi maso angawa nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, mu 2018 zomwezonso. Mitengo m'phirimu yatha ndi makala. Mukuganiza kuti damu la Mulunguzi lidzatimwetsa mpaka liti?

Mayi a Mapasa: Achemwali, mumathirira nthawi yanji? Ndi paipi kapena kheni? Simunanene.

Mnyamata wa ku Chikanda: Mlamuyo azikasambira pakapingapo, nkhani yatha 😂

Mayi a ku Sadzi: Musaseke, madzi osambira ndi otsukuluzira zovala ndi amene ndimathira maluwa. Koma pa mpiru ayi, sopo amakhala pamasamba. Ine chaka cha El Niño, 2024, dimba langa lonse linapsa, mbuzi za aneba n'kumaliza zotsala. Mpaka lero sanapepese.

Bambo a ku Chinamwali: Ndiye muzilimbikitsana kuthirira udzu anthu akusowa chimanga? Mu 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Maboma 23! Bzalani chinangwa ndi mbatata.

Mayi a ku Sadzi: Bambo, nyumba ndi yalendi, awerengeni bwino mawu awo. Chinangwa pabwalo la eni?

Mlimi wa ku Likangala: Kapinga safa msanga, mizu imakhala yamoyo, mvula ikagwa amaphukanso. Musamamumete kwambiri. Ndiwozo phimbirani ndi udzu wouma kapena mapesi, muzithirira m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Pa tomato boolani botolo lapulasitiki, mulikwirire pafupi ndi tsinde, muzithira mmenemo.

Bambo a ku Chinamwali: Mabotolo omwewo ndi amene adzadza mu Likangala.

Pulambala wa ku Mpondabwino: Tsekani mipopi yonse muone mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha penapake.

Mayi a Mapasa: Ndafunsa kuti mumathirira nthawi yanji.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse. Bambo a ku Chinamwali, sindingazule, a landilodi angandithamangitse. Koma za mlamuzi zikundiwawa, lero wachapanso mabulangete awiri mpopi uli chitsegulire.