Kamzere kotuwa pa T, ndibaye Depo kapena ayi?

Nachisale: Anzanga thandizeni msanga, mayi ali pa benchi panja akudikira. Wabwerera Depo, jakisoni wolera, koma tsiku lake linadutsa ndi miyezi iwiri. Ndamuyeza PT, strip ya mkodzo yoonera ngati ali ndi mimba, C (mzere wosonyeza kuti strip yagwira ntchito) yatuluka bwinobwino, pa T (pomwe mzere umatuluka ngati pali mimba) pali kamzere kotuwa koti uchite kupendeketsa padzuwa kuti ukaone. Ndabwereza ndi strip ina, palibe kanthu. Bokosi lomwelo! Wachokera kuseri kwa Linthipe wapansi, sindingangomubweza chabe.

A Mbewe: Bokosilo mumasunga pati? Chinyezi cha ku Dedza kuno chimawononga zinthu. Tayani.

Nangozo: Yoyambayo munawerenga patapita mphindi zingati? Ikadutsa mphindi 10 mkodzo ukamauma umasiya kamzere kabodza kopanda mtundu. Komanso simunaviike kupitirira pa MAX, mzere wa malire oviikira?

Nachisale: Mphindi 4, ndimayang'ana pafoni. Kali ndi kufiira pang'ono. Wachiwiriwo ndi mkodzo wina, mayiyo anayamba wamwa madzi botolo lonse kuti utuluke.

Sisitala Maseko: Vuto ndi botololo amayi. Strip imasaka hCG basi, homoni ya mimba yomwe imatuluka mu mkodzo, ndipo thupi limayamba kuipanga dzira likamatirira m'chiberekero. Ma strip ambiri amaigwira ikafika muyeso wa 25 mIU/ml. Masabata oyambirira imakhala yochepa, imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu, ndiye mukasungunula mkodzo ndi madzi imabisala. Mzere wa mtundu wotuluka nthawi yake isanathe ndi positive, kaya ndi wofooka bwanji. Lero musabaye. Mupatseni makondomu, abwere pakapita masiku atatu ndi mkodzo woyamba wa m'mawa.

A Mbewe: Ine ndikuti ndi bokosi. Onani expiry.

Nachisale: Expiry ili bwino a Mbewe, mapaketi ndi osatsegula.

Nangozo: Mufunsenso ngati sanapite padera posachedwa. Ine zinandionekera kuno ku Ntcheu. Ndinauza mayi wina kuti ayambe sikelo, kumeneko n'kuti padera pachitika masabata atatu apitawo, hCG inali isanathe m'thupi. Mwamuna wake anali atangobwera kuchokera ku Joni, anafika pakhomo panga usiku ndi apongozi awiri. Mpaka lero ndikaona mizere iwiri ndimayamba ndafunsa.

Sisitala Maseko: Ndipo musaiwale kufunsa za m'mimba. Kupweteka mbali imodzi, timagazi, chizungulire, ameneyo osamuuza za masiku atatu. Ikhoza kukhala ectopic, mimba yokhala kunja kwa chiberekero, mutumizeni ku boma akamuunike lero lomwe. Wina asanamizirenso Depo, jakisoni ameneyu satulutsa mzere pa T.

A Mbewe: Zonsezo ndamva, koma ku Golomoti tinataya bokosi lathunthu litakhala pawindo mwezi wa October. Papepala analemba kuti osapitirira 30°C.

Nangozo: Poyamba munati chinyezi, tsopano kutentha?

A Mbewe: Zonse ndi bokosi.

 

Nangozo: Anachisale, mayi uja zatha bwanji?