Amakaniko a ndege, salale ikukukwanirani bwanji mu Lilongwe muno?

Admin chonde ndibiseni dzina, mabwana anga ena ali pagulu pompano.

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakonza ndege ku KIA ku Lumbadzi, chino ndi chaka chachitatu. Anthu akangomva zoti uyu amagwira ku eyapoti basi amaona ngati ndalama ndimangotola pansi, kumudzi ku Dowa feteleza ndi ine, fizi ya mlongo wanga ndi ine, maliro akagwa foni yoyamba kulira ndi yanga. Koma zoona zake nzoti laisensi ndilibe. Matayala ndimasintha, oilo ndimathira, mabuleki ndimayang'ana, usiku wonse ndili pansi pa phiko ndi tochi, koma ntchito ikatha wosaina kuti ndegeyi itha kuuluka ndi wina, ndipo ndalama zili pa siginecha imeneyo. Makaniko wa pa galaja ku Kanengo mwina amandiposa chifukwa iye Loweruka amagwirako kaganyu ka galimoto ya munthu, nanga ine ndege ndingaikokere kuseli kwa nyumba?

Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu sizinabwererenso mchimake. Salale anatiwonjezerako inde koma akadula PAYE ndi 5% ya penshoni, ndikalipira lendi ku Area 25, mayuniti a magetsi, madzi ndi thiransipoti ya tsiku ndi tsiku pa M1, pofika pa 15 ndimakhala ndayamba kale kuwerengera za banki mkhonde ya madamu. Mafuta akasowa ndiye musanene, minibasi imakwera mtengo mmawa womwewo ndipo shifiti siidikira munthu. Madamu ndi oyembekezera.

Tsono mnzanga wina ali ku Wilson Airport ku Nairobi akuti ndipiteko, kuli ndege zing'onozing'ono zambiri ngati ma Cessna Caravan ndipo ntchito siisowa. Ndipite, kapena ndipirire konkuno mpaka nditalemba mayeso a laisensi? Amene munadutsamo ndiuzeni mosabisa.

Mdala wa ku Chileka:
Mwana wanga khala pansi kaye. Air Malawi itatsekedwa mu 2013 tinaona ndi maso athu, amene anali ndi laisensi komanso type rating (chilolezo chosainira mtundu wakutiwakuti wa ndege) anapeza pogwira kunja, ena onse anabwerera kokonza magalimoto ndi kokalima. Popanda pepala limenelo ngakhale ku Nairobi ukakhalabe wopatsira anzako sipanala, kungosintha malo ovutikira. Funso langa ndi limodzi, logbook yako ili bwanji? Ntchito iliyonse imene wagwira pa zaka zitatuzi inalembedwa ndipo injiniya wa laisensi anasainira? Chifukwa anyamata ambiri mumagwira ngati abulu koma kulemba ayi, tsiku lofunsira mayeso mulibe umboni. Komanso sankhiratu mbali, kunja amati laisensi ya B1 ndiye za injini ndi thupi la ndege, B2 ndi za mawaya, mawailesi ndi zida za kutsogolo kwa oyendetsa. Osamangogwira paliponse.

Mayi a Tadala:
Achimwene za ndege sindizidziwa koma bwanji mukukhala ku 25 pomwe ntchito ili ku Lumbadzi? Samukirani konko, nyumba nzotsikirako, masamba ndi tomato pamsika paja simungayerekeze ndi mtauni, ya thiransipoti ija isanduke ya matewera. Ndipo akumudziwo auzeni chilungamo cha salale yanu, mukamabisa ndi inu nomwe mukudzipha.

Kabaza Wa Pa Bwandilo:
Eeh okonza ndege akulira, nanga ife okonza njinga titani kkkk. Bwana bwerani tizimata matayala limodzi, kuno kulibe PAYE.

Mlamu wa ku Kempton Park:
Ine ndili ku Johannesburg kufupi ndi eyapoti ya OR Tambo. Ndalama yakunja imaoneka yambiri ukamaisintha mu kwacha uli pa mkeka ku Lilongwe, ukafika ndi pamene umadziwa kuti lendi nayonso ndi ya ndalama yomweyo, ndiye kuli nyumba ziwiri zoti udyetse, yako ndi ya madamu kumudzi. Mnzakoyo umufunse bwinobwino, work permit akupangira ndani, kontirakiti yalembedwa kapena ndi zapakamwa? Osakwera basi chifukwa cha voice note. Koma sindikukuletsa ayi, Caravan ili ndi injini ya PT6 yomwe ili pa ndege zambiri mu Africa muno, ukaidziwa bwino siugona ndi njala. Kwathuko vuto ndege nzochepa, Malawi Airlines yomwe boma lili ndi 51% ndipo Ethiopian Airlines 49% ndege zake ungaziwerenge ndi zala, ndiye mipando ya osaina nayonso ndi yochepa, umadikira mdala apume.

Mdala wa ku Chileka:
Alamu, mdala akupumayo ndi ine, musandithamangitse kkk. Koma pa za kontirakiti mwanena zoona.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Bambo a ku Chileka mwandigwira pamtima, logbook ndili nayo koma ya chaka choyamba chonse ilibe siginecha, injiniya amene ndinkagwira naye nthawi imeneyo anachoka ali kunja. Kodi zimatheka kumutumizira kuti asainire ntchito zakale ngati ma job card (mapepala olembapo ntchito iliyonse) ake akadalipo, kapena chaka chimenecho chapita basi? Za ku Lumbadzi madamu akana kale kawiri, akuti sikelo anayambira ku chipatala cha ku 25 ndipo mayi awo ali pafupi, ndiyesanso madzulo ano ndikaweruka.