Ndizithamanga kapena ndizinyamula zitsulo? Mimba yakana kuphwa

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 38, ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka, ntchito yanga ndi yokhala pampando ku Cairo Road tsiku lonse. Kukiliniki sikelo inawerenga makilo 92, BP nayo yakwerako. Anamwino anangoti, "Bambo, thupili liziyenda."

Ndinayamba kuthamanga mbandakucha katatu pa sabata, kuchoka kunyumba mpaka ku Woodlands Stadium n'kubwerera. Pano yakwana miyezi iwiri. Befu lachepa, masitepe a kuofesi ndikukwera osapumira panjira. Makilo atatu anachoka, kenako sikelo inangoima nji. Mawondo ayamba kudandaula, koma mimba ili pomwepo.

Chikundiwawa ndi mlamu wanga. Tinayamba mwezi umodzi, iye amanyamula zitsulo ku Kabwata, kajimu ka kuseri kwa nyumba, kwinako ndi zitini zothira simenti. Sikelo yake sinasunthe, koma lamba wabweza mabowo awiri, malaya akumukhala bwino. Ine wotuluka thukuta mumsewu ndikuoneka ngati sindinayambe. Ndisiye kuthamanga? Nanga ma sit-up, aja ogona chagada n'kumadzuka, angaiphwetse mimbayi? Za nsima musanditukwane, madzulo ndimadya mitanda itatu.

Mayi wina wa ku Matero: Achimwene, musasiye. Kuthamanga kwakulimbitsani mtima ndi mapapo, umboni ndi masitepe aja. Mlamu wanuyo akuwotcha mafuta uku akumanga minofu, ndipo kilo ya minofu imatenga malo ochepa kuposa kilo ya mafuta. N'chifukwa chake sikelo ili chete koma lamba akulankhula. Kwa ongoyamba kumene zimachitika kwambiri. Gulani tepi ya atelala ku Kamwala, muziyeza pamchombo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Akulu, ma sit-up amalimbitsa minofu ya pamimba koma sachotsa mafuta a pamenepo. Thupi limachotsa mafuta paliponse pamene lafuna, inu simungaliuze poyambira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena zofanana nazo, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Ndiye phatikizani. Ma squat (kunjuta n'kumadzuka), ma push-up ndi chigubu cha malita 20 zikukwanirani poyambira. Koma poti BP yakwera, musamabanike mpweya ponyamula, ndipo mufunse kaye kukiliniki kuja.

Bambo wina wa ku Chawama: Mitanda itatu ija mwaibisa kumapeto dala eti? Tsitsani ifike iwiri, ndiwo zichuluke: kapenta, nyemba, mazira, chibwabwa. Vitumbuwa vya pa siteshoni ndi zakumwa zotsekemera zimabweza zonse zimene mwataya mumsewu. Mawondowo apatseni mpata, muzithamanga mphindi ziwiri, kuyenda ziwiri, pa dothi osati pa tala.

Mwini funso: Zikomo nonse. Tepi ndigula Loweruka. Za mtanda wachitatu tikambirana kaye ndi mayi a kunyumba, chifukwa ndikausiya amafunsa ngati ndadya kwina.