Ndithandizeni: zomwe ndapeza kumudzi ndizifikitse bwanji kwa aphungu a komiti ya zaumoyo?

Membala wosadzitchula dzina: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'boma lina kummwera kuno. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba zomwe ndikuona m'midzi yomwe ndimayendera, khomo ndi khomo. Makope asanu adzaza, ndimawasunga m'katoni kunsi kwa bedi, moti lina makoswe analidya m'mphepete. Ndikamawerenga ndikuona kuti vutoli silingathe ndi kuphunzitsa anthu kokha, pakufunika lamulo. Lipoti ndinawapatsa abwana anga, iwo n'kupita nalo ku msonkhano kunyanja n'kukaliwerenga ngati lawo, dzina langa osalitchula, alawansi n'kudya okha. Njinga yamoto inafa chaka chatha, ndimayenda pa kabaza ndi ndalama ya m'thumba, mayi akunyumba atopa nane, akuti ya sopo ikuthera m'makope. Funso langa ndi ili: munthu wapansi ngati ine, umboniwu ndingaufikitse bwanji kwa aphungu amene amapanga malamulo a zaumoyo? Usiku sindikugona, anthu akuvutika ndikuona.

Namwino Wopuma: Mwanawe, wafotokoza za makoswe ndi za kabaza, koma vuto lenilenilo sunalitchule. Ndi madzi? Ndi mankhwala? Ndi amayi oyembekezera? Njira zake n'zosiyana.

Nkhalakale wa ku Chilomoni: Achimwene musadzivute! Lamulo lalikulu la zaumoyo m'dziko muno, Public Health Act, linalembedwa 1948, nthawi ya atsamunda, dziko likadali Nyasaland. Madokotala ndi maprofesa angati akhala akulira kuti lisinthidwe? Ndiye makope anu asanuwo akasunthe chiyani? Mu Epulo 2020 boma linalengeza lockdown ya masiku 21, khoti lalikulu n'kuyiimitsa isanayambe n'komwe. Akatswiri amakoka uku, andale uku, maloya uku. Ndi mmene tilili!

Mayi a Tadala: Abambo a ku Chilomoni, musamugwetse mphwayi mnzanu. Mwaiwala za lamulo la HIV? Bilu ija inali ndi ndime zokakamiza amayi oyembekezera ndi antchito a m'nyumba kuyezetsa magazi, komanso zomanga munthu pomuganizira kuti wapatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilomboka, pamodzi ndi azaumoyo ndi maloya, anakumana ndi aphungu n'kuwaonetsa kuti zimenezo zikathamangitsa anthu kuchipatala. Pomwe nyumba ya malamulo imavomereza mu Novembala 2017, ndimezo zinali zitachotsedwa. Aphungu amamva, bola kupita muli gulu.

Nkhalakale wa ku Chilomoni: Mayi, chitsanzo chimodzi basi? Nanga bilu yokhudza kuchotsa mimba ija? Bungwe lounikanso malamulo la Law Commission linafufuza, madokotala anabweretsa umboni wa amayi omwe akufera m'mawodi, phungu wina, a Matthews Ngwale, n'kuyitengera m'nyumba ya malamulo mu Marichi 2021, aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Sayansi ikakumana ndi mavoti imagonja, ndikukuuzani ine!

Mlaliki Wachinyamata: Pamenepo ndiye ayi bambo. Nkhani imeneyo si ya manambala okha, ndi ya moyo wa munthu. Aphungu anamvera anthu amene anawatuma.

Admin: Nkhani ya mimba ili ndi ulusi wake, chonde tibwerere ku funso.

Phiri wa ku Joni: Akulu, choyamba gulani mankhwala a makoswe, umboni ungathe musanafike ku Lilongwe 😂 Koma kunena zoona jambulani tsamba lililonse pa foni lero lomwe.

Abiti wa ku Mangochi: Zomwe anakuchitani abwanazo zinandichitikiranso ine. Nthawi ya kolera ija, yomwe inayamba ku Machinga mu 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700, ndinkagona mu tenti ya odwala, manja atasupuka ndi klorini, nsapato zonunkha. Ndinalemba za zitsime zonse zomwe odwala ankatungako. Pepala litatuluka, maina anali a anthu omwe sanapondeko n'komwe pa tentipo. Mpaka lero zimandiwawa.

Wa Kafukufuku: Ine ndifunse ziwiri. Ndinu wa boma? Ngati ndi choncho, kulumpha DHO, mkulu wa zaumoyo m'dera lanu, n'kukagwa ku Parliament kungakubweretsereni kalata yoopsa, samalani. Chachiwiri, ngati m'makopemo muli maina a odwala, musawaonetse aliyense. Kafukufuku wa pa anthu amafuna chilolezo cha makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC kapena COMREC, popanda chimenecho akatswiri anzanu omwe adzakukanani. Pezani munthu wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ku PHIM, nthambi ya unduna wa zaumoyo younika matenda, aone ngati zomwe mwalembazo zikuima. Katemera wa typhoid sanangotulukira: ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa mu kafukufuku kuyambira 2018, boma n'kudzayamba kumupereka dziko lonse mu 2023.

Nkhalakale wa ku Chilomoni: Mwamva? Zaka zisanu, ndalama za azungu zili pambuyo! Mnzathuyu ali ndi kabaza. Ndipo katemera ndi ndondomeko ya unduna, si lamulo la aphungu, musasakanize.

Wa Kafukufuku: Sindinasakanize achikulire, ndimaonetsa mtundu wa umboni umene anthu amaumvera.

Mayi a Tadala: Kalata yopita ku komiti imadzera kwa Clerk of Parliament, mlembi wamkulu wa nyumba ya malamulo. Ikhale ya masamba awiri, osati buku: vuto, zomwe mwapeza, ndime ya lamulo yomwe mukufuna isinthe. Phungu wa dera lanu amathanso kufunsa nduna funso m'nyumba. A bungwe la kafukufuku la AFIDEP ku Lilongwe agwirapo ntchito ndi nyumba ya malamulo pa nkhani yogwiritsa ntchito umboni, afunseni.

Nkhalakale wa ku Chilomoni: Phungu wa dera? Wathu tinamuona komaliza pa maliro nthawi ya kampeni!

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse, ndalira powerenga. A Abiti pepani, ululu wanu ndikuudziwa. Ndajambula kale makope awiri, foni yadzaza. Abwana aja lero andidutsa pakhonde osandipatsa moni, kaya wina wawatumizira uthengawu. Ndayamba kuchita mantha.

Namwino Wopuma: Usaope mwanawe, palibe dzina watchula. Koma ndikufunsanso kachiwiri: m'makopemo walembamo za matenda anji?